Kusoka cikwama ndi buluku lakale la jinzi

Buluku la jinzi likang'ambika pa bondo kapena pakati pa nchafu, ambiri timangolitaya, kapena timalisandutsa sanza yopukutira pansi. Koma taliyang'anani bwino. Kucokera pa bondo kutsika m'munsi, nsalu imakhala idakali yolimba. Nsalu imeneyo ndi yokwanira kusoka cikwama ca zogwirira ziwiri, copita naco kumsika, kuchalichi kapena kusukulu ya akulu.

Cikwama cotere cimasunganso ndalama. M'caka ca 2015 boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo loletsa timatumba ta pulasitiki topyapyala kwambiri, ndipo linaletsanso masitolo kupereka matumba a pulasitiki mwaulere. Wopanda cikwama cake amagula thumba nthawi iliyonse, thumbalo n'kung'ambika asanafike kunyumba.

Jinzi ndi nsalu yotani?

Jinzi, imene m'Cipwitikizi amati ganga, ndi nsalu ya thonje. Ulusi woyenda m'litali amaunyika mu utoto wa buluu, pomwe ulusi wopingasa amausiya woyera. Ndiye cifukwa cake kunja kwa buluku n'kwa buluu koma m'kati ndi motuwa. Utotowo sulowa mpaka m'kati mwa ulusi, umangogwira pamwamba, conco buluku limasuluka m'malo okhulika monga m'maondo. Mukayang'anitsitsa muona timizere topendekera pansalupo. Kaombedwe kameneka ndi kamene kamailimbitsa.

Poyamba jinzi inali covala ca anthu a nchito zolemetsa. Telala wina wa ku Reno, ku America, dzina lake Jacob Davis, anaona kuti mabuluku a anchito amayamba kung'ambika m'ngodya za matumba. Anayamba kukhomamo timisomali ta mkuwa. M'caka ca 1873 iye ndi Levi Strauss, wamalonda wa nsalu wa ku San Francisco, analandira cikalata ca boma coteteza luso limeneli. Timisomalito tilipobe pa mabuluku a lero. Mukumbukire nkhani ya ngodyayi, tidzabwererako pa zogwirira.

Kusankha buluku

Ngati mulibe lakale pakhomo, pitani pa kalamidade, zovala za m'mabelo zija abale athu a ku Malawi amati kaunjika. Musafune lokongola. Funani lalikulu, la miyendo yotakata, ngakhale zipi yake ikhale yakufa, ndipo mtengo wake mukhoza kunenerera. Kokani nsaluyo ndi manja awiri. Ikatanuka ngati legeni, isiyeni, cifukwa cikwama cake cimalendewera mukaikamo katundu. Kenako liyang'aneni moloza kudzuwa. Pamene kuwala kukudutsa, pamenepo nsalu yatha.

Mufunikanso sizasi yakuthwa, singano yaikulu, ulusi wolimba, ndi coko kapena khala lolembera. Amene ali ndi makina aikemo singano ya nambala 16 kapena 18. Yaing'ono imathyoka.

Kudula

Capani buluku, liume, mulisite. Dulani miyendo yonse iwiri m'munsi pang'ono mwa pamene imakumana. Mwendo uliwonse uli ndi misoko iwiri, ndipo kawirikawiri umodzi umakhala wokhuthala kuposa unzake. Cekani motsata wokhuthalawo, muucotse wonse. Mukatambasula mwendowo mupeza cinsalu cimodzi, msoko winawo uli pakati.

Pa cinsalu ciliconse, kumunsi kwa bondo, lembani cigawo ca masentimita 40 m'litali ndi 36 m'lifupi. Mulibe tepi? Tambasulani dzanja. Kucokera kunsonga ya cala cacikulu kufika kunsonga ya cala caching'ono, kwa munthu wamkulu, ndi pafupifupi masentimita 20. Manja awiri ndi 40. Manambala asakuopseni, cacikulu n'cakuti zigawo ziwirizo zifanane. Dulani cimodzi, muciike pamwamba pa cinzake, mudule motsata. Ngati mwendo ndi wopapatiza, cikwama cingocepa pang'ono, basi.

Thumba la kumbuyo musalitaye. Lisomboleni ndi lezala mosamala, mulisokere pakati pa cigawo cimodzi, mbali ya buluu, musanalumikize zigawozo. Ndi malo abwino a foni ndi ndalama zacitsulo. Polisombola cenjerani ndi timisomali tija, timabunthitsa sizasi ndi kuthyola singano.

Kusoka thupi la cikwama

Gundanitsani zigawo ziwirizo, mbali za buluu ziyang'anane m'kati. Sokani mbali ziwiri ndi pansi, kusiya sentimita imodzi ndi theka m'mphepete, ngati kunenepa kwa cala. Posoka pamanja musamangothamangitsa singano kutsogolo. Baya, tulutsa, bwerera m'mbuyo pamene unathera ulusi, baya, tulukira kutsogolo. Kusoka kobwerera kumeneku kumacedwa, koma ulusi ukaduka pamodzi msoko wonse susomboka. Mukafika pamene misoko yakale yasanjikizana, menyanipo ndi hamala kapena mwala wosalala kuti paphwanthike. Kankhani singano ndi citsekero ca botolo, osati ndi cala.

Jinzi imayoyoka m'mphepete. Mukatha msoko, zungulizani ulusi m'mphepetemo, kapena kutani ndi kansalu ka kapulana yakale.

Kuti cikwama cikhale ndi pansi potakata, citani izi cidakali cotembenuzidwa. Gwirani ngodya ya pansi, muikanikize kuti msoko wa m'mbali ugone pamwamba pa msoko wa pansi. Ngodyayo isongoka ngati khutu la mphaka. Yezani masentimita 5 kucokera kunsonga, lembani mzere wopingasa, musoke kawiri pamzerewo. Citani cimodzimodzi ku ngodya inayo. Pansi pa cikwama padzatakata masentimita 10, ndipo botolo la mafuta lidzaima osagwa.

Pakamwa pa cikwama pindani sentimita imodzi kulowetsa m'kati, mupindenso masentimita 3, musoke kuzungulira.

Zogwirira

Apa ndi pamene zikwama zambiri zimafera. Canga coyamba ndinangosoka cogwirira ndi mzere umodzi. Cinathothoka ndili pakati pa msika, tomato n'kumwazika m'fumbi, anthu akuonerera. Nsalu inali bwinobwino, unagonja ndi msoko.

Njira yacidule ndi lamba wa m'ciuno wa buluku lomwelo. Ndi wopinda kale, wosokedwa kale. Mucekeni motsata m'munsi mwake, cotsani timalupu todutsamo lamba, dulani mbali ya batani ndi ya ciboo cake, otsalawo muwagawe pawiri. Mupeza zogwirira ziwiri za pafupifupi masentimita 40, zonyamulira m'manja.

Za paphewa zimafuna masentimita 60. Dulani timizere tinayi ta masentimita 8 m'lifupi ndi 32 m'litali pa nsalu yotsala ya m'nchafu, kupewa pothetheka. Lumikizani tiwiritiwiri. Pindani mbali zonse ziwiri zikumane pakati, mupindenso pakatipo, musoke m'litali.

Cogwirira ciliconse cikhale ku mbali yake ya cikwama. Nsonga zake zilowe m'kati masentimita 4, ndipo zitalikirane ndi misoko ya m'mbali masentimita 8. Onani kuti sicinapotoke. Pa nsonga iliyonse sokani kabokosi ka ngodya zinayi, m'kati mwake musokemo cilembo ca X. Kabokosi ndi X zimagwira nchito ya timisomali ta Davis: kulemera kwa katundu kumagawika, sikukoka pamalo amodzi. Musanapite naco kumsika, ikanimo njerwa ziwiri, mucikoleke pa msomali usiku wonse. M'mawa muone ngati ulusi wasuntha.

Pocapa, cikwamaco cikhale pacokha m'madzi ozizira, cifukwa jinzi ina imatulutsabe utoto ngakhale itakalamba, ndipo ingadetse malaya oyera. Ciyanikeni pamthunzi, cotembenuza.