Maina Amene Mabuku Athu Anawameza

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, m'nthawi ya Kamuzu mbiri ya ufulu wathu inkaphunzitsidwa ngati ntchito ya munthu mmodzi. Komatu amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 ndi Orton Chirwa, Kamuzuyo ali m'ndende ku Gwelo. Chipembere ndi Kanyama Chiume anali m'gulu la amene anamuitanitsa kuti abwere kumudzi mu 1958. Atasemphana naye mu 1964, onsewa anasanduka zigawenga, maina awo osatchulidwanso pasukulu.

Zachipembedzo nazo zimandiwawa. Livingstone ndi Laws ankadzaza masamba, pomwe Chisilamu kawirikawiri chinkatulukira pokamba za Jumbe ndi malonda a akapolo ku Nkhotakota. Mwana wachisilamu wa ku Mangochi ankaloweza zomwezi kuti akhoze mayeso.