Nkhokwe za Makina za Masitolo Akuluakulu: Zomwe Mlimi Ayenera Kudziwa

Masitolo akuluakulu ogulitsa zakudya nthawi zambiri salandira katundu yense pa sitolo iliyonse payokha. Amakhala ndi nkhokwe yaikulu imodzi komwe katundu amafikira, kenako n'kugawidwa ku nthambi zawo. M'maiko ambiri, ntchito ya m'nkhokwe zoterezi ikugwiridwa ndi makompyuta ndi makina. Ngati mukufuna kugulitsa tomato, anyezi, kabichi kapena nthochi kwa ogula otere, muyenera kudziwa momwe nkhokwezi zimagwirira ntchito, chifukwa makina sanenerera ngati mmene timachitira pamsika. Katundu akapanda kufika pa muyezo, amabwezedwa.

Momwe nkhokwezi zimagwirira ntchito

Kulandira: Galimoto iliyonse imapatsidwa ola lofikira. Katundu akatsika amayezedwa pa sikelo, ndipo amapimidwa ngati ali wozizira bwino.

Kuzindikira katundu: Bokosi lililonse limakhala ndi barcode, timizere takuda tija timene mumationa pa botolo la mafuta ophikira. Makina akawerenga timizereti, kompyuta imadziwa kuti katunduyo ndi chiyani ndipo wachokera kwa yani. Barcode inayamba kugwiritsidwa ntchito m'sitolo mu 1974 m'tauni ya Troy ku America.

Kusunga: Kompyuta ndiyo imasankha malo oika katundu. Pa zakudya zosachedwa kuwonongeka, zomwe zatsala pang'ono kuwonongeka ndizo zimayamba kutuluka.

Kugawa: Sitolo ikagulitsa chinthu, kompyuta imachotsera pa chiwerengero cha zomwe zilipo, ndipo zikachepa imaitanitsa zina ku nkhokwe.

Komwe zikuchitika

Ku Britain, kampani ya Ocado ili ndi nkhokwe, monga ya ku Erith mu London, momwe maroboti mazanamazana amayenda pamwamba pa mabokosi osanjikizana n'kumatola katundu amene ogula aitanitsa pa intaneti. Ku America, mu 2022 kampani ya Walmart inagwirizana ndi ya Symbotic kuti iike makina m'nkhokwe zake 42 zogawira katundu. Ku South Africa, Shoprite imagula ndi kugawa zipatso ndi ndiwo zamasamba kudzera mu nthambi yake yotchedwa Freshmark. Kuno kwathu katundu wambiri amanyamulidwabe ndi manja, koma masitolo akuluakulu a m'mizinda ali kale ndi makina owerenga barcode, ndipo amafuna katundu wa muyezo umodzi.

Zoyenera kuchita

1. Sankhani zokolola. Patulani zazikulu, zapakati ndi zazing'ono. Chotsani zovunda, zoswekasweka ndi zodyedwa ndi tizilombo. Musabise zoipa pansi: bokosi limodzi loipa likhoza kubwezetsa katundu yense.

2. Gwiritsani ntchito makireti a pulasitiki ofanana kukula, osati madengu kapena matumba. Makireti amasanjikizana bwino ndipo tomato saphwanyika. Atsukeni musanawagwiritsenso ntchito.

3. Yezani pa sikelo. Ngati mwagwirizana makilogalamu 20 pa kireti, kireti iliyonse ikhale makilogalamu 20. Muyezo wa ndowa kapena mulu sugwira ntchito kuno.

4. Lembani pa kireti dzina la gulu lanu, mtundu wa mbewu, tsiku lokolola ndi kulemera kwake. Sunganinso kabuku kolembamo mankhwala amene munapopera ndi tsiku lake, ndipo dikirani masiku amene alembedwa pa botolo musanakolole.

5. Kololani m'mamawa kapena madzulo ndipo ikani zokolola pamthunzi nthawi yomweyo. Dziwani kuti mbewu zimasiyana pa kuzizira komwe zimafuna. Kabichi ndi karoti zimasungika bwino pa madigiri 0 mpaka 2. Nthochi ndi tomato wosapsa zimafuna madigiri pafupifupi 13. Zikazizira kwambiri, nthochi zimada ndipo tomato sapsa bwino.

6. Musasakanize nthochi kapena tomato wakupsa ndi ndiwo zamasamba. Zipatsozi zimatulutsa mpweya wa ethylene womwe umachititsa masamba kusanduka achikasu msanga.

7. Sungani nthawi. Mukafika mochedwa, malo anu pamzere amapita kwa wina ndipo katundu wanu amafota akudikira.

Kufunika kogwira ntchito pagulu

Ogula amenewa amafuna katundu wochuluka mofanana sabata iliyonse, chaka chonse. Mlimi mmodzi sangakwanitse. Mu kalabu kapena kopaletivi mungathe kubzala mosiyanitsa masabata kuti zokolola zisathe, kugula makireti ndi sikelo limodzi, komanso kugawana mtengo wa galimoto.

Musanabzale, funsani wogula kuti akulembereni kukula, kulemera, kapakidwe ndi masiku amene akufuna katundu. Funsaninso tsiku lolandira ndalama, popeza masitolo ambiri salipira pompopompo, komanso yemwe adzaluze katundu akabwezedwa. Pitani ndi zolembedwazo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti akuthandizeni kukonza kalendala ya kabzalidwe.