Sikelo yoyezera ofufuza zachipatala idasokonekera pati?

Masiku ano dokotala wa opaleshoni kapena katswiri wa kagwiridwe ntchito ka thupi akafuna kukwezedwa pa yunivesite, akomiti amayamba ayang'ana manambala awiri: walemba mapepala angati a kafukufuku, nanga anzake amutchula kangati m'mapepala awo. Google Scholar imawerengetsa zimenezi mwaulere, ndipo achinyamata ambiri a m'sukulu za udokotala afika pokhulupirira kuti wa nambala yaikulu ndiye dolo. Mbiri ya kawerengetsedwe kameneka ikukana zimenezo.

Kusindikiza zimene munthu wapeza n'kwakalekale. Magazini ya Philosophical Transactions idayamba ku London mu 1665, The Lancet idakhazikitsidwa mu 1823 ndi dokotala wa opaleshoni Thomas Wakley, ndipo Journal of Physiology idabwera mu 1878. Nthawi imeneyo mbiri ya wofufuza inkayenda pakamwa pa akuluakulu a ntchitoyo, ndipo nawonso ankaphonya. Mu 1929 Werner Forssmann, mnyamata wa zaka 25 amene ankaphunzira opaleshoni ku Eberswalde m'dziko la Germany, adadzilowetsa kapaipi mumtsempha wa pamkono mpaka kukafika mumtima, n'kukadzijambulitsa pa X-ray kuti pakhale umboni. Akuluakulu adamuona ngati wochita masewera. Mphoto ya Nobel adailandira mu 1956, André Cournand ndi Dickinson Richards ataonetsa ku New York kuti njira yakeyo ndi yothandiza poyeza mmene mtima ukugwirira ntchito.

Manambala adalowa ndi Eugene Garfield wa ku America. Mu 1955 adalemba m'magazini ya Science kuti pakhale kaundula wosonyeza pepala lililonse ndi onse amene alitchula, kuti wowerenga azitha kulondola amene adapitiriza ganizo linalake ndi amene adalitsutsa. Kaundulayo, Science Citation Index, adatuluka mu 1964. Mu 1975 kudayamba kusindikizidwa impact factor, nambala yosonyeza kuti mapepala a magazini inayake a zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati. Inkathandiza oyang'anira malaibulale kusankha magazini oti agule, ndipo Garfield mwini wake adachenjeza kangapo kuti isagwiritsidwe ntchito poyeza munthu.

Zaka ziwiri n'zochepa bwanji, nkhani ya Denis Burkitt ndiyo ikuonetsa, ndipo nkhaniyo ikukhudza ana a kuno kwathu. Burkitt adabadwira ku Enniskillen, ku Ireland, mu 1911, ndipo ngakhale diso limodzi lidawonongeka ali mwana, adakhala dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Mu 1957 mnzake Hugh Trowell adamuitana kuti adzaone kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse. Posakhalitsa adaonanso mwana wina wotero pa chipatala china. Adafukula mafayilo akale, ndipo mu 1958 adasindikiza mu British Journal of Surgery pepala lofotokoza za ana 38. Dziko lidangokhala chete. Anthu adayamba kutchera khutu mu 1961, atalemba pepala lina ndi Gregory O'Conor m'magazini ya Cancer.

Chaka chomwecho Burkitt adanyamuka ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Kwa milungu 10 adayenda makilomita pafupifupi 16,000, kulowa m'zipatala zoposa 50, Nyasaland ili m'njira yawo. Paliponse ankaonetsa zithunzi za ana otupa nsagwada n'kufunsa ngati matendawa amaoneka kumeneko. Mayankho atawaika pamapu, adapeza kuti chotupacho n'chofala m'madera otsika, otentha ndi a chinyontho, monga m'mbali mwa nyanja, koma n'chosowa kumapiri ozizira. Kenako zidadziwika kuti mapu ake akugwirizana ndi a malungo. Ku London, Anthony Epstein atamva Burkitt akulankhula pa chipatala cha Middlesex mu March 1961, adapempha tizidutswa ta zotupazo, ndipo mu 1964 iye, Bert Achong ndi Yvonne Barr adalengeza kachilombo ka Epstein-Barr, koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu. Lero khansa ya Burkitt ili m'gulu la makhansa ofala kwambiri mwa ana ku Malawi, ndipo amene amagonekedwa nayo ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amalandira mankhwala monga cyclophosphamide, amene Burkitt adali mmodzi mwa oyamba kuwayesa pa matendawa. Sikelo ya zaka ziwiri ikadayeza pepala la 1958 lija, ikadalipeza lopanda kanthu.

Mu 2005 katswiri wa physics Jorge Hirsch wa ku San Diego adabweretsa h-index: munthu wa h-index 20 ndi amene ali ndi mapepala 20 otchulidwa kosachepera ka 20 lililonse. Inali yosavuta kuwerengetsa pa kompyuta, choncho idafala msanga. Apa ndi pamene zinthu zidapotoka, chifukwa ntchito, maudindo ndi ndalama za kafukufuku zidayamba kutsatira nambala. Ena adayamba kuduladula kafukufuku mmodzi kuti atulukemo mapepala angapo, ena kudzitchula okha, ena kulembana mayina pa ntchito imene sadaigwire. Ndipotu nambala siuza kuti munthu watchulidwa pomuyamikira kapena pomutsutsa. Ili ngati sikelo ya venda wa chimanga, imene imanena kulemera kwa thumba koma siona anankafumbwe amene ali mkatimo.

Mtengo wake udaonekera poyera pa chipatala china chotchuka cha kumpoto kwa Ulaya. Kumeneko kudalembedwa ntchito dokotala wa opaleshoni amene mapepala ake ankatuluka m'magazini apamwamba, ndipo dzina lake linkamveka m'misonkhano ndi m'manyuzipepala. Mu 2011 adachotsa paipi ya mpweya ya pakhosi ya bambo wina wodwala khansa, n'kuikapo ya pulasitiki yothiridwa maselo a m'mafupa a wodwalayo, ponena kuti maselowo amera n'kusandutsa pulasitikiyo chiwalo chamoyo. Njirayo inali isadayesedwepo pa nyama. Chaka chisadathe, pepala lidatuluka likunena kuti wodwalayo akupeza bwino, ndipo ofufuza m'mayiko ambiri adayamba kulitchula.

Mafayilo a m'wodi ankanena zina. Paipiyo siidagwirane ndi thupi, matenda adalowa, ndipo bamboyo adamwalira mu January 2014. Chaka chomwecho madokotala anayi a pa chipatalacho adafananiza mafayilo ndi zolembedwa m'mapepala, n'kukadandaula. Katswiri wapadera amene adafunsidwa kuti aunike nkhaniyo adapeza mu 2015 kuti padali chinyengo, komabe dokotalayo adauzidwa kuti alibe mlandu. Zidatengera pulogalamu ya pa wailesi ya kanema mu January 2016 kuti achotsedwe ntchito. Pepala la 2011 lidafufutidwa mu 2018, ndipo mu 2023 khoti la apilo lidamugamula kuti akakhale kundende zaka ziwiri ndi theka chifukwa cha odwala atatu amene adawachita opaleshoni pa chipatalacho. Onse atatu adamwalira. Kwa zaka pafupifupi 7 pepalalo linkaonjezera manambala a olemba ake, pamene achibale a odwala ankalira maliro. Njala ya kutchuka idachititsa kuti ambiri akhulupirire magazini kuposa wodwala amene adali pabedi pamaso pawo.

Asayansi ena adaona vutoli msanga. Mu December 2012 gulu la akonzi ndi ofalitsa magazini lidakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti wofufuza aziyezedwa ndi zimene zili m'pepala lake, osati ndi impact factor ya magazini. Mabungwe ambiri adasaina, koma chizolowezi sichidathe.

Kwa mayiko ngati Malawi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa matenda a anthu osauka amakhala ndi ofufuza ochepa, ndiye owatchula amakhalanso ochepa. Komiti ya Lancet yoona za opaleshoni idapeza mu 2015 kuti anthu 5 biliyoni padziko sangapeze opaleshoni yodalirika imene angakwanitse kulipira. Pepala la mu Malawi Medical Journal lofotokoza mmene ma clinical officer a m'zipatala za maboma angachepetsere imfa za amayi ochitidwa opaleshoni pobereka silingatchulidwe kambiri ku Boston kapena ku London, koma likhoza kupulumutsa amayi ku Nsanje ndi ku Chitipa. Akomiti okweza maudindo m'mayunivesite athu asamalekere pa nambala. Atenge mapepala awiri kapena atatu amene wofufuzayo akuti ndiwo ofunika kwambiri, awawerenge mpaka kumapeto, ndipo amufunse kuti odwala ake ali bwanji lero.