Bonasi si basera

Ena mwa owerenga afunsa za mawu akuti bonasi, atamva kuti asilikali oyendetsa ndege zankhondo ku America amapatsidwa bonasi kuti asasiye ntchito. Akuti kodi si basera, lija amakuwonjezera mayi wa tomato pamsika? Ayi ndithu. Basera umalandira n'kumapita, palibe chomwe walonjeza.

Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, nawonso Angerezi anawatenga ku Chilatini, kumene amatanthauza "chabwino". Bonasi ndi ndalama yapadera yoperekedwa pamwamba pa malipiro. Ambirife timadziwa ya pa Khirisimasi, yothokoza pa ntchito yomwe wagwira kale.

Ya oyendetsa ndegeyi ndi ina, imagula zaka za m'tsogolo. Woyendetsa ndege wa US Air Force akamaliza maphunziro amayenera kutumikira zaka 10. Zikamatha, makampani ngati Delta ndi United amakhala akumudikirira ndi malipiro onona. Boma, lomwe linawononga madola mamiliyoni pomuphunzitsa, limamunyengerera kuti asainire zaka zina, lizimupatsa ndalama chaka ndi chaka. Mu 2017 ndalamayo inkafika madola 35,000 pachaka, mu 2023 anaikweza kufika 50,000.

Ndiye taganizirani mkulu uja ali patebulo usiku ndi mayi a kunyumba, fomu ili pakati, ana atopa n'kusinthasintha sukulu chifukwa cha kusamuka. Ambiri amakanabe, ndipo ine sindiwadabwa. Akasaina kenako n'kuchoka mwa kufuna kwake nthawi isanakwane, ndalama zomwe analandira koma sanazigwirire ntchito amabweza.