Zilembo za pa dothi

Adzukulu anga, inu mumayesa kuti sukulu imayamba ndi chikwama, kope ndi pensulo. Ife a Sub A tinalibe zimenezo. Kale kalasi yoyamba inkatchedwa Sub A, yachiwiri Sub B, kenako mwana n'kulowa Sitandade 1. Ndipo kuti akulembe m'kaundula sankafunsa chikalata cha kubadwa. Ankati dutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, gwira khutu la mbali inayo. Likapanda kufika, bwerera ukakule kaye.

Mbayani wa masiku amenewo sanali wothinana ngati lero. Pakati pa nyumba panali minda ya chimanga, ndipo dongo tinkakumba tokha kumtsinje. Sukulu zambiri zinali za mishoni. Mishoni ya Blantyre, imene a Church of Scotland anayambitsa mu 1876, inali pafupi pomwepa, ndipo makolo athu akatchula sukulu ya HHI, yomwe inatsegulidwa mu 1909, ankatsitsa mawu ngati akutchula kwa mfumu. Koma ngakhale ofika kumeneko anayambira pansi, pa dothi.

Aphunzitsi athu ankatitulutsa m'mawa dzuwa lisanawawe. Aliyense ankasalaza malo ake ndi chikhatho, n'kukhala mwendo uku mwendo uku. Iwo ankaima motifulatira, n'kulemba chilembo m'mwamba ndi mkono wonse kuti tione komwe dzanja likuyambira ndi komwe likuthera. Ifenso tinkalemba m'mwamba, kenako pansi ndi chala, uku tikutchula mokweza. Tinkayamba ndi a, e, i, o, u. O ndiye anali wokondedwa wa aliyense, chifukwa ndi kuzunguliza basi. Koma e ankatiliza, ena ankamulemba atagona chagada, ena atayang'ana kumbuyo. Aphunzitsi ankayenda pakati pathu, akapeza cholakwika n'kufufuta ndi phazi, n'kugwira chala chako m'dzanja lawo mpaka chizolowere njira. Dothi silisunga cholakwa, choncho mwana sankaopa kuyambiranso.

Tsiku la dongo ndilo linali la chisangalalo. Tinkafika nalo litakulungidwa m'masamba a nthochi. Anyamata tinali akatswiri oumba ng'ombe, ndiye kupota dongo kuti likhale ngati chingwe sikunali kovuta. Chingwe chimenecho tinkachipinda n'kukhala s, kuchidula n'kukhala t, n'kuyanika pa khonde. Zikauma, aphunzitsi ankaziika m'thumba la nsalu. Unkapisa dzanja osayang'ana, n'kupapasa chilembo, n'kuchitchula usanachitulutse. Apa m'pomwe b ndi d ankatigwetsa, pakuti m'thumba chilembo chimatembenuka, ndipo p naye amalowerera. Mnzanga wina anakangana ndi aphunzitsi kuti chimene wagwiracho ndi zilembo zitatu nthawi imodzi, ndipo kunena zoona sankanama. Anaseka aphunzitsiwo mpaka kupukuta misozi, n'kuyamba kudinda kadontho kumunsi kwa chilembo chilichonse dongo lisanaume, kuti tizidziwa mbali yokhazika pansi.

Nthawi yokolola tinkandandalika chimanga, nyemba kapena nthanga za maungu motsata mzere umene aphunzitsi ajambula. Vuto lake linali nkhuku, komanso ife eni ake ngati zinali mtedza.

Sileti inabwera pambuyo, chala chitaphunzira kale. Inali ya mwala wakuda, m'mbali mwake matabwa, ndipo kufufuta kwake ambiri tinkagwiritsa malovu ndi m'mphepete mwa malaya, ngakhale zinali zoletsedwa. Ukaiswa, kunyumba sunkalowa ndi mtendere. Madzulo tinkatenga khala la pamoto n'kudzaza ba, be, bi, bo, bu pa khoma la khitchini. Amayi anga sankadziwa kuwerenga, komabe sanafufute msanga. Ankati akazira tsiku lina. Phunziro la chilankhulo chathuli tinkalitcha Chinyanja, dzina la Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968, ine nditayamba kale kuwerengera anthu makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury.

Ana anga anaphunzira ndi buku la Sosa, koma nawonso masabata oyamba ankabwera kunyumba mawondo ali mbuu. Ndiye kunabwera 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale. Ana anakhamukira kusukulu, m'dziko lonse chiwerengero chinachoka pa pafupifupi 2 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Kuno ku Mbayani makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Mphunzitsi mmodzi wa ana oposa 100 angagwire chala cha ndani? Ana anayamba kuimba zilembo m'chigulu bwinobwino, koma ukamupatula mmodzi n'kumuloza m, amangokuyang'ana. Sindiwada aphunzitsi, manja awo ndi awiri okha.

N'chifukwa chake ndinamuuza mpongozi wanga kuti asadikire kope. Iye amatola zitsekerero za mabotolo a Fanta kumsika, n'kulemba chilembo chimodzichimodzi m'kati mwake, ndipo mng'ono wanuyu amasankhamo za dzina lake. Sabata yatha wayamba kuzisakasaka pa mapaketi a shuga ndi pa zikwangwani za ma minibasi opita ku Chirimba. Chamusokoneza pano ndi ng' wa m'mawu oti ng'ombe. Mawa mukapita kumtsinje mundibweretsereko dongo, koma lisakhale lamchenga, limasweka likauma.