Kuti ndi Thuma: nkhalango zoyendamo wapansi ku Salima

Nkhalango ya Kuti ili pafupi ndi tawuni ya Salima ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 2,000. Mulibe mikango kapena njovu, choncho makolo ndi ana amatha kuyendamo wapansi kapena panjinga, akuona mbidzi, mphalapala, ngoma ndi mbalame zamitundumitundu. Nthawi yabwino ndi m'mawa, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo.

Ya Thuma, yomwe idakhazikitsidwa mu 1926, njosiyana. Ndi yamapiri, ya mitengo ya miombo ndi nsungwi, ndipo muli njovu ndi njati. Mlendo salowamo popanda mlonda womuperekeza. Bungwe la Wildlife Action Group limathandizana ndi boma kuiteteza kwa opha nyama mozemba ndi owotcha makala, omwe amatha mitengo yakalekale imene imasunga madzi m'mitsinje ya m'deralo.