Kuyesa Fakitale ya Zombo pa Kompyuta Isanamangidwe

Masiku ano combo cacikulu ca panyanja cimapangidwa m'zigawo. Zitsulo zimadulidwa ndi kuwocherera kukhala zigawo zolemera matani mazana ambiri. Kenaka makina onyamula katundu, ochedwa crane, amapita nazo pamalo pamene zimalumikizidwa. Cigawo cimodzi cikacedwa kapena cikasowa poikidwa, nchito yonse imaima koma anchito amalipidwabe.

Cifukwa ca ici, makampani opanga zombo amayamba ayesa fakitale yao pa kompyuta, njira imene imachedwa simulation. Akatswiri amalowetsa mu kompyuta kukula kwa nyumba zogwiriramo nchito, ciwerengero ca anchito ndi makina, kulemera kumene crane inganyamule, ndiponso nthawi imene nchito iliyonse imatenga. M'mphindi zocepa kompyuta imayendetsa nchito ya miyezi yambiri, ndi kuonetsa pamene zitsulo zidzaunjikana komanso pamene anchito adzakhala akudikira. Motero eni kampani amadziwa ngati afunika kugula makina ena, kukulitsa nyumba kapena kungosintha ndondomeko ya nchito, asanaononge ndalama.

Imodzi mwa mapulogalamu oyambirira a mtundu umenewu ndi GPSS, imene Geoffrey Gordon wa kampani ya IBM anatulutsa m'caka ca 1961. Mapulogalamu otere amagwiritsidwanso nchito pokonza mafakitale a galimoto ndi a zitsulo.

Pa nchito ya zombo, citsanzo codziwika ndi kampani ya Flensburger Schiffbau-Gesellschaft ya mumzinda wa Flensburg m'dziko la Germany, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1872. Kampaniyi inapanga Simulation Toolkit Shipbuilding, yomangidwa pa pulogalamu imene lero imachedwa Plant Simulation, ya kampani ya Siemens. Inagwirizananso ndi mayunivesite a ku Hamburg ndi ku Delft pa kafukufuku wa njirayi.

Komabe njira imeneyi ili ndi malire. Kompyuta imayankha molingana ndi manambala amene yapatsidwa, ndipo akakhala olakwika, yankho lake limasoceretsa. Ndiponso siibweretsa ogula zombo kapena kubweza ngongole. Kampani ya ku Flensburg, ngakhale inali patsogolo pa luso limeneli, inalengeza kuti yalephera kulipira ngongole zake m'caka ca 2020 ndiponso m'caka ca 2024.